Kapitawo: Ntchito Yoyang'anira Anthu Kumunda, Kunyanja ndi Kunkhalango

Aliyense amene adalembapo aganyu, kapena kugwirapo ganyu, amadziwa mmene tsiku lopalira limayambira. Mame asanakamuke, mwinimunda amayenda m'mizere kupima ndime: uyu kuyambira pachulu kukalekeza pamtengo wa mango, uyo kuchokera pamenepo mpaka kumalire. Mtengo amagwirizana makasu asanalowe m'dothi. Dzuwa likafika paliwombo, mwinimunda amabweranso kudzaona ngati udzu wazulidwadi kapena angoukwirira, ndiponso ngati chimanga sichidatemedwe. Akakhutira amalipira, anthu n'kubalalika.

Pamunda wa ekala imodzi munthu amakwanitsa zonsezi yekha. Nanga munda ukakhala wa mahekitala 500, antchito n'kukhala mazanamazana? Nanga maboti akakhala asanu, onse ali pakati pa nyanja usiku? Nanga mitengo ikakhala yodzaza mapiri atatu? Mwiniwake ali ndi maso awiri okha ndi miyendo iwiri. Pamafunika munthu wina woti apime ndime, aone ntchito, alembe zimene zachitika, ndi kuonetsetsa kuti onse amene adatuluka m'mawa abwerera kwawo ali bwino. Munthu ameneyu ndiye kapitawo. M'mutu uno tiona ntchito yake, zimene ayenera kudziwa, ndi njira imene mnyamata kapena mtsikana angatsate kuti aifikire.

Malo a kapitawo

Paesiteti yaikulu maudindo amatsika ngati makwerero. Pamwamba pali manijala wamkulu, amene amaganiza za chaka chonse: ndalama, misika, mbewu zoti zidzalidwe. Pansi pake pali mamanijala a zigawo. Kenaka pali kapitawo wamkulu ndi akapitawo anzake, aliyense ndi gulu lake la antchito. Pambali pawo pamakhala kalaliki, wolemba maina ndi makilogalamu.

Kapitawo ndiye bwana womaliza kuchokera kumwamba, ndiponso ndiye bwana yekhayo amene wantchito amamuona tsiku lililonse. Manijala akanena kuti gawo lakuti lipaliridwe pofika Loweruka, mawuwo amasanduka ntchito yeniyeni pakamwa pa kapitawo: anthu angati, makasu angati, ayambire mbali iti. Antchito akadandaula kuti madzi akumwa akufika mochedwa kapena kuti ndime yakula, dandaulolo limakwera kudzera mwa iye yemweyo. Motero amamva mawu ochokera mbali zonse ziwiri, ndipo zinthu zikalakwika mbali zonse ziwiri zimaloza iye. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chimene chimasiyanitsa kapitawo wakumunda ndi wa m'fakitale ndi chakuti iye sayang'anira anthu okha. Amayang'aniranso zamoyo zimene sizidikira. Makina ukhoza kuwazimitsa n'kudzayatsa mawa. Koma tsamba la tiyi limakhwima, nsomba imaola, mbande imafota, mvula imagwa pa tsiku lake. Kapitawo amakhala ndi mawotchi awiri, ya kampani ndi ya chilengedwe, ndipo yachiwiriyi siimva pempho la munthu.

Mbiri imene dzinali lasenza

Kwa agogo athu ambiri, dzina lakuti kapitawo silinkakoma m'khutu. M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala paminda ya azungu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba ankakakamizidwa kugwira thangata, ntchito yolipirira malo amene ankakhalapo. Wowadzutsa m'mawa, wowapimira ndime, wowadula masiku pa tikiti, kawirikawiri ankakhala kapitawo, nthawi zina chikoti chili m'manja. Ku Magomero, paminda ya A. L. Bruce, nkhanza za woyang'anira William Jervis Livingstone zidali chimodzi mwa zifukwa zimene zidautsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo Livingstone adaphedwa pa kuukirako. Thangata lidapitirira mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1960.

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa aliyense wofuna ntchitoyi lero. Kuyang'anira anthu mwankhanza kumatulutsa zokolola kwa kanthawi, koma kumakundika mkwiyo umene tsiku lina umaphulika. Kapitawo wamakono amalowa m'munda ali ndi ngongole yoonetsa kuti udindowu ungagwiridwe mwaumunthu.

Kupima ndime: masamu a tsiku ndi tsiku

Luso loyamba la kapitawo ndi kudziwa kukula kwa ntchito imene munthu mmodzi angathe pa tsiku popanda kudzipweteka. Pamenepa ndi pamene pagona zonse. Ndime ikachepa, ntchito siitha m'nyengo yake ndipo kampani imaluza. Ikakula, anthu amathamanga, amalumpha mizere, amakwirira udzu, ndipo ena amabweretsa ana awo kudzawathandiza kuti amalize.

Tiyerekeze kuti pali mahekitala 12 ofunika kupalira m'masiku 6, ndipo kapitawo waona kuti pa udzu umene ulipo, anthu 10 amamaliza hekitala imodzi pa tsiku. Ndiye kuti pa tsiku pafunika kutha mahekitala 2, choncho afunika anthu 20. Masamuwa ndi apafupi. Chovuta ndi chakuti ndime siifanana. Dothi lamakande mvula itangogwa limamata khasu, lamchenga limapepuka. Pamtsetse sipafanana ndi pachigwa. Kapitawo wodziwa ntchito amayamba wayenda m'munda, n'kugwira khasu iye mwini pamizere ingapo, asanatchule chiwerengero.

Luso lachiwiri ndi kuona ubwino wa ntchito. Malangizo a boma pa chimanga amati mizere italikirane masentimita 75, ndipo pa njira imene alimi amaitcha Sasakawa, phando lililonse likhale ndi mbewu imodzi pa masentimita 25 alionse. Kapitawo ayenera kudziwa chifukwa chake, kuti wantchito akafunsa amuyankhe ndi nzeru. Munthu amene wamvetsa kuti mbewu zothithikana zimalimbirana chakudya amasamala ngakhale kapitawo atatembenuka.

Luso lachitatu ndi kulemba. Ndani wabwera, wagwira maola angati, wathyola makilogalamu angati, feteleza watuluka matumba angati, mankhwala apoperedwa gawo liti ndiponso tsiku liti. Malipiro a munthu amachokera m'kaundula ameneyu. Dzina likadumphidwa, banja lina ligona ndi njala kumapeto a mwezi. Masiku ano minda ina ili ndi masikelo amagetsi ndi mafoni olembera, koma makina amangosunga zimene munthu waika.

Kumunda: tiyi, nzimbe ndi fodya

Mbewu iliyonse ili ndi malo ake amene ntchito imaonongekera, ndipo kapitawo ayenera kuwadziwa.

Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka n'kufika ku Thyolo, ndipo mpaka lero wambiri amathyoledwa ndi manja. Tiyi wabwino amachokera kunsonga: masamba awiri anthete ndi kamphukira kapakati. Koma wothyola amalipidwa potengera kulemera kwa dengu, choncho dzanja limakopeka kutsikira kumasamba okhwima ndi timitengo, zimene zimalemera msanga. Apa kapitawo amaima pakati pa zofuna ziwiri. Amatapa masamba pang'ono m'dengu, n'kuwayala, n'kuona kuti anthete ndi ochuluka bwanji. Amaonetsetsanso kuti pamwamba pa tchire la tiyi pakhale posalala, chifukwa pothyoledwa mozama pamachedwa kuphukira. Masamba akathyoledwa sayenera kupanikizidwa m'matumba kapena kusiyidwa padzuwa, chifukwa amatentha n'kufiira asanafike kufakitale. Pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, choncho dengu lililonse lowonongeka ndi thukuta lotayika. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi amaphukira mofulumira, antchito apanyengo amachuluka, ndipo kapitawo amaphunzitsa anthu atsopano uku ntchito ili mkati.

Kunzimbe, ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mdani ndi nthawi. Munda umatenthedwa kuti masamba apse ndipo odula alowe mosavuta, koma nzimbe ikangopsa ndi kudulidwa, shuga wake amayamba kuchepa. Iyenera kufika kuchigayo msanga. Kapitawo amagwirizanitsa otentha, odula, onyamula ndi oyendetsa mathirakitala kuti pasakhale wodikira mnzake. Amayang'ananso kadulidwe: shuga wambiri ali kutsinde, choncho chikwanje chidule pafupi ndi nthaka. Ndipo kuchigwa cha Shire kumatentha koopsa. Odula nzimbe amataya madzi ambiri m'thupi, zimene zikapitirira zimaononga impso. Madzi akumwa, mthunzi ndi nthawi yopuma ndi mbali ya ntchito yeniyeniyo, ndipo wokonza zimenezi ndi kapitawo.

Kufodya, ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Rumphi, chaka chonse ndi mndandanda wa ntchito zosalola kuchedwa: nazale, kuwokera, kubandira, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa kapena kuwotcha m'mabalani, kusankha ndi kudinda mabelo. Mtengo wa kuokushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu umadalira kwambiri kasankhidwe. Belo losakaniza masamba, kapena lopezeka ndi zingwe za pulasitiki ndi nthenga, limabwezedwa. Palinso vuto limene ambiri salidziwa: fodya wamuwisi akanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, munthu n'kumamva chizungulire, mutu ndi nseru. Kapitawo wozindikira amadikira masamba aume asanalowetse anthu, ndipo amaonetsetsa kuti avala zophimba mikono.

Kunyanja

Panyanja dzina limasintha, koma udindo ndi womwewo. Pausodzi wa usipa ndi ukonde wa chilimira, gulu limatuluka usiku ndi boti ndi mabwato. Patsogolo pamapita siginala, m'bwato lokhala ndi nyali zowala zimene zimakopa nsomba. Iye ndiye amasankha malo, amaona pamene usipa wasonkhana, n'kupereka chizindikiro kuti ukonde uponyedwe ndi kukokedwa. Mwini zipangizo kawirikawiri amatsala kumtunda. Chuma chake ndi miyoyo ya asodzi zimakhala m'manja mwa mtsogoleri amene ali pamadzi. Pamaboti akuluakulu okoka maukonde, ngati a kampani ya Maldeco ku Mangochi, pamakhala woyendetsa boti ndi woyang'anira antchito apabotipo. Kumadamu ndi kumakhola oweteramo chambo m'nyanja, woyang'anira amaona kadyetsedwe, kakulidwe ka nsomba ndi ukhondo wa madzi.

Chinthu chachikulu chimene mtsogoleri wa asodzi amagamula ndi ichi: tipite kapena tisapite. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu pa Nyanja ya Malawi, ndipo chaka ndi chaka asodzi amamira. Nthambi yoona zanyengo imalengeza machenjezo pawailesi ndi pafoni. Koma mwini boti amafuna ndalama ya mafuta ibwerere, asodzi nawonso amafuna chakudya cha ana. Kunena kuti lero tigona kumtunda kumafuna mtima wolimba kuposa kutuluka. Mtsogoleri wabwino amaonanso kuti boti silidadzaze mopyola, injini ili bwino, nkhafi zilipo, majekete oyandamitsa avalidwa, ndipo palibe wakwera ataledzera.

Nsomba zikafika padoko mpikisano wina umayamba. Nsomba imayamba kuonongeka ikangotuluka m'madzi. Yoyanikidwa pamchenga imadetsedwa n'kutsika mtengo. Yoyanikidwa pathandala imauma bwino. Nyengo ya mvula usipa wambiri umaolera pagombe. Woyang'anira amene amakonzeratu ayezi, mathandala kapena nkhuni zowambira amapulumutsa phindu la usiku wonse.

Kagawidwe ka ndalama nakonso n'kosiyana ndi kumunda. Asodzi ambiri salandira malipiro apamwezi. Akagulitsa nsomba amachotsa ndalama ya mafuta ndi zina, zotsalazo n'kugawana pakati pa mwini zipangizo ndi gulu. Mtsogoleri amene amawerengera ndalama poyera, aliyense akuona, sasowa anthu. Wobisa mtengo umene wagulitsira amadzuka tsiku lina gulu lake litasamukira kuboti lina.

Pali udindo wina umene umapyola boti limodzi. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono ophera nsomba zosakhwima, ndipo boma limatseka usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambiri, ndipo asodzi amamvera. Makomiti a m'madoko amathandiza kusunga malamulowa. Mtsogoleri amene amalola neti yotetezera udzudzu kusokereredwa muukonde amadya lero mbewu ya chaka chamawa, ndipo ntchito imene akuipha ndi yake yomwe.

Kunkhalango

Mlimi wa chimanga akalakwitsa amaona zotsatira miyezi inayi isanathe. Wankhalango amadikira zaka 20 kapena kuposerapo. Mbande ya paini yodzalidwa muzu utapindika imakula ndithu, koma imadzagwa ndi mphepo patapita zaka, wodzalayo atachoka kale. N'chifukwa chake kapitawo wankhalango amayang'ana ntchito imene mwina iye sadzaiona mapeto ake.

Nkhalango yodzala yaikulu m'Malawi ndi ya Viphya, imene ambiri amaitcha Chikangawa. Idali ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo yambiri idadzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sidamangidwe. Nkhalango zina zodzala zili pamapiri a Zomba, Dedza ndi Mulanje. Ntchito yake imazungulira ndi chaka. Nyengo yadzuwa anthu amakhala kunazale, kudzaza dothi m'machubu, kufesa ndi kuthirira. Mvula ikakhazikika amadzala. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Kenaka pamabwera kupalira ndi kubwezeretsa mbande zakufa. Mitengo ikakula amaidulira nthambi zam'munsi kuti matabwa adzakhale opanda mfundo, ndipo amaipatulira, kutanthauza kudula ina yofooka kuti yotsalayo inenepe. Kapitawo ndiye amaika chizindikiro pamtengo woti udulidwe, ndipo diso lake likalakwa, wabwino umagwa, wokhota n'kutsala.

Kugwetsa mitengo ndi imodzi mwa ntchito zoopsa kwambiri padziko lapansi. Macheka a injini sakhululuka. Lamulo lodziwika kulikonse ndi lakuti pasakhale munthu wina pafupi ndi wodula, pamtunda wosakwana kutalika kwa mitengo iwiri. Wodula ayambe waona kumene mtengo wapendekera, kumene mphepo ikulowera, ndi njira yothawira. Mtengo umene wakodwa pa unzake usasiyidwe ukulendewera. Chisoti, zoteteza maso ndi makutu, ndi nsapato zolimba si zokongoletsa.

Mdani wamkulu ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma, ndipo moto wa osaka mbewa, ofula njuchi kapena wa munthu wokwiya ukhoza kupsereza m'tsiku limodzi mitengo ya zaka 15. Chikangawa yataya mbali yaikulu chifukwa cha moto ndi kudula kosadzalanso. Kapitawo amakonzekera udzu usanaume: kulambula njira zotchinga moto, kuika alonda pansanja zoonera patali, kuphunzitsa gulu lozimitsa kuti lisaime kumtunda kwa moto pamtsetse, popeza moto umathamanga pokwera phiri. Odziwa nkhalango amadziwanso kuti moto wina umayamba m'mitima ya anthu, antchito amene sadalipidwe kapena midzi yoyandikana imene idathamangitsidwa mwachipongwe potola nkhuni. Ubale wabwino ndi mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi umateteza mitengo koposa alonda.

M'nkhalango zachilengedwe zotetezedwa, woyang'anira amatsogolera alonda olimbana ndi owotcha makala ndi odula mitengo mozemba. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula kotere. Lamulo la zankhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha woyang'anira akakana chiphuphu.

Malamulo amene kapitawo ayenera kudziwa

Wantchito wakumudzi sakumana ndi lamulo la zantchito m'buku. Amakumana nalo mwa kapitawo wake. Choncho mfundo zikuluzikulu ziyenera kukhala pamtima.

Lamulo la zolemba ntchito la 2000 limati maola a ntchito asapyole 48 pa sabata, ndipo opitirira apo alipidwe mwapadera. Limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8. Munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mwayi wofotokoza mbali yake. Mu 2021 lamuloli lidasinthidwa n'kuthetsa ulimi wa matenanti, umene udasunga mabanja ambiri m'ngongole paminda ya fodya. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, ndipo la 2000 la chipukutamisozi limati wovulala pantchito alipidwe. Ngozi ikachitika, lipoti la kapitawo ndilo limakhala umboni woyamba, choncho alembe zoona, tsiku lomwelo.

Pa mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, kapitawo awerenge malangizo apabotolo ndi kuwamasulira kwa opopera: muyeso wake, zovala zofunika, ndi masiku oyenera kudikira anthu asanalowenso m'munda. Asalole kupopera moyang'anana ndi mphepo, kudya kapena kusuta fodya uku akupopera, kutsukira mapampu mumtsinje, kapena kutenga zigubu za mankhwala kukasungiramo madzi kunyumba.

Pali nkhani ina yofunika kuinena mosabisa. Kapitawo ali ndi mphamvu yosankha amene alembedwe nyengo yamawa, amene apatsidwe ndime yofewa, amene dengu lake likanidwe. Ena agwiritsa ntchito mphamvuyi kukakamiza amayi kugona nawo. Zaka zapitazi amayi ena ogwira ntchito m'minda ya tiyi adafika pokasuma kukhoti la ku London pa nkhani zotere. Kumadoko nakonso kuli mchitidwe wofuna thupi la mayi wogula nsomba kuti apatsidwe mwayi wogula. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zimenezi. Munthu wochita zotere sayenera udindo, kaya akolole zochuluka chotani. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene minda ina tsopano ikufunira akapitawo aakazi.

Kuyendetsa anthu

Zonse tanenazi munthu akhoza kuziphunzira m'kalasi. Chovuta kuphunzitsa ndi kakhalidwe ndi anthu. Kawirikawiri kapitawo amakwezedwa kuchokera m'gulu lomwelo. Dzulo ankadya nawo nsima mbale imodzi, lero akuwakanira dengu. M'gululo muli amalume ake, mlamu wake, mkulu wa mpingo wake, ndi anthu a msinkhu wa bambo ake. Akakondera achibale, gulu lonse limadziwa dzuwa lisanalowe. Akadzitukumula, amamumvera pamaso n'kumuonongera ntchito kumbali.

Zimene zimathandiza ndi zodziwika, kungoti n'zovuta kuzisunga tsiku ndi tsiku. Afike iye poyamba. Afotokoze ntchito isanayambe, osati itaonongeka. Munthu wamkulu amutchule mwaulemu, achimwene, amayi, abambo, ngakhale pomudzudzula, ndipo kudzudzulako kuchitikire pambali. Sikelo ikhale poti wothyola aone yekha nambala. Maliro akagwa kwa wantchito, adziwe kuti munthuyo sangagwire ntchito ndi mtima wonse, ndipo amuthandize kupempha tchuthi m'njira yake. Akalonjeza kuti akafikitsa dandaulo kwa manijala, akafikitsedi n'kubweretsa yankho, ngakhale likhale lokana. Komwe kuli bungwe la antchito, monga la ogwira ntchito m'minda ikuluikulu, aone nthumwi zake ngati anzake pothetsa mavuto.

Ayeneranso kulimba mtima poyang'ana kumwamba. Nthawi zina bwana amalamula chinthu chosatheka kapena choopsa: kupopera kuli mphepo, kutuluka panyanja kuli mwera, kudula mitengo mdima utagwa. Kapitawo amene amangovomera zonse amaika anthu ake pangozi, ndipo mapeto ake kampaniyo imaluza koposa.

Njira zolowera ntchitoyi

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yokwera kuchokera pansi. Wothyola tiyi, wodula nzimbe, msodzi kapena wa kunazale amene amagwira bwino ntchito, amadziwa kulemba ndi kuwerengera, ndiponso anzake amamukhulupirira, amayamba kupatsidwa kagulu kakang'ono. Akaonetsa luso amakwezedwa. Masiku ano makampani ambiri amafuna satifiketi ya MSCE ngakhale kwa wokwera motere, choncho amene adalekezera panjira achita bwino kubwerera kukalemba mayeso.

Yachiwiri ndi ya sukulu. Zaulimi zimaphunzitsidwa ku yunivesite ya LUANAR, ku Bunda ndi ku NRC ku Lilongwe. Zoweta ndi umoyo wa ziweto zimaphunzitsidwanso ku Mikolongwe. Zausodzi zili ku Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ndipo zankhalango ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa zankhalango ndi zausodzi zomwe. Wophunzira wa kusekondale amene akulinga kumeneku alimbikire Agriculture, Biology, masamu ndi Chingerezi, popeza malipoti ndi malangizo apamankhwala amalembedwa m'Chingerezi. Maphunziro aafupi a chithandizo choyamba, kasamalidwe ka mankhwala, kuyendetsa njinga yamoto kapena kugwiritsa ntchito kompyuta amamuika munthu patsogolo pa anzake.

Aliyense mwa awiriwa ali ndi chomusowa. Wokwera kuchokera pansi amadziwa ntchito ndi manja koma mwina sadziwa chifukwa chake. Wochokera kukoleji amadziwa chifukwa, koma sadathyolepo dengu lodzaza mvula ikumukwapula. Woyambayo afunefune maphunziro. Wachiwiriyo avule nsapato zamuofesi, apemphe wantchito wakale amuonetse kagwiridwe ka chikwanje, ndipo asachite manyazi kufunsa.

Mwayi wa ntchito uli m'maesiteti a tiyi, nzimbe, fodya, makadamiya ndi khofi, m'masikimu a ulimi wothirira, m'makampani a mbewu ndi a nkhuku, m'makopaletivi a alimi, m'madamu a nsomba, m'makampani a matabwa, m'nthambi za boma za zankhalango ndi zausodzi, ndi m'mabungwe obwezeretsa chilengedwe. Kapitawo wakhama akhoza kukwera kufika pa manijala wa gawo. Ena amatenga luso lomwelo n'kukatsegula munda, dziwe la nsomba kapena nazale yawoyawo.

Musanasankhe

Walira mvula walira matope. Ntchitoyi ndi yodzuka kusanache, yoyenda mtunda wautali wapansi, yokhala kutali ndi tauni, ndipo malipiro oyambira si aakulu. Nyengo yokolola Loweruka ndi tsiku lantchito, nyengo ya moto tulo ndi tochepa. Nyengonso yasintha: mvula ikubwera mochedwa, namondwe ngati Freddy wa mu 2023 akukokolola minda, ndipo nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995 ndi kuphwanso pafupifupi yonse mu 2018. Kapitawo wamawa adzafunika kusintha ndondomeko mwamsanga kuposa wa dzulo.

Komabe ndi ntchito imene dziko lathu likuisowa kwambiri. Chuma cha Malawi chimachokera m'dothi, m'madzi ndi m'mitengo, ndipo malangizo abwino a akatswiri amathera papepala ngati palibe munthu wowafikitsa m'manja mwa ogwira ntchito. Ngati mukufuna kudziyesa, musadikire kalata yakampani. Tsogolerani gulu la achinyamata lodzala mitengo pamudzi panu, sungani kaundula wa kalabu ya alimi, kapena thandizani komiti ya padoko. Nyengo ikatha dzifunseni mafunso atatu: kodi ntchito idatha m'nthawi yake, kodi pali amene adavulala kapena kuberedwa thukuta lake, ndipo kodi anthu omwewo angavomere kudzagwiranso nanu chaka chamawa? Mukayankha bwino onse atatu, ntchito ya ukapitawo ikukuyenerani.